Funsani Akatswiri: Kodi zofukulidwa pansi zikutiuzanji za kugonana ndi kupembedza kwa anthu akalekale?

Makalata ambiri a mwezi uno afunsa za anthu amene anakhalako kulemba kusanayambe: ankapembedza chiyani, nanga nkhani za mwamuna ndi mkazi ankaziona bwanji. Poti nkhaniyi ikukhudza thupi la munthu, tiyankha mwaulemu koma osabisa Chichewa.

Ndinaona pa Facebook chithunzi cha kachiboliboli ka mayi wonenepa wopanda nkhope, kotchedwa Venus wa ku Willendorf. Ena amati ndi mulungu wamkazi wa kubereka, ena amati ndi zolaula za anthu akale. Zoona ndi ziti? Wophunzira, Zomba

Tiyambe ndi zimene munthu angazigwire ndi manja. Kachiboliboliko anakafukula mu 1908 pamudzi wa Willendorf, m'mbali mwa mtsinje wa Danube ku Austria. Kutalika kwake ndi masentimita 11, kongokwana m'chikhatho. Anakasema pamwala wofewa wa laimu, n'kukapaka dothi lofiira ngati katondo, zaka pafupifupi 29,500 zapitazo. Mabere, mimba ndi matako n'zazikulu, maliseche akuonekera, timikono towonda tatsamira pamabere. Mapazi palibe moti sikangaime pakokha, ndipo mutu wonse wazunguliridwa ndi mizere yonga tsitsi loluka kapena chipewa. Mu 2022 akatswiri a ku Vienna atakaunika ndi makina oona mkati mwa mwala, anapeza kuti mwalawo si wa ku Willendorf. Ukufanana kwambiri ndi wa kufupi ndi nyanja ya Garda kumpoto kwa Italy, kutali makilomita mazanamazana.

Dzina loti Venus silinatuluke m'dothi ayi. Mu 1864 Marquis de Vibraye atapeza kachiboliboli kena ka mtsikana ku Laugerie-Basse ku France, anakatcha dzina la mulungu wamkazi wa chikondi wa Aroma, n'kuwonjezerapo mawu otanthauza "wopanda manyazi". Dzinalo linakanirira pa tonse topezeka pambuyo pake. Ofukula a nthawi imeneyo pafupifupi onse anali amuna a ku Ulaya, okulira m'masiku amene zinthu zakale zoonetsa maliseche ankazitsekera m'chipinda chapadera, monga anachitira ku British Museum mu 1865. Kwa iwo thupi la mkazi losavala linkatanthauza zinthu ziwiri basi, chilakolako kapena kubereka. Maganizo awiri amene munawawerenga pa Facebook aja ndi ana a nthawi imeneyo.

Tiziboliboli totere tapezeka toposa 200, kuyambira ku France mpaka ku Siberia, ndipo pakati pa takale kwambiri ndi taposachedwa pali zaka zoposa 20,000. Tanthauzo limodzi silingakwanire mtunda ndi nthawi yotere. Tambiri sitinanyamule mwana, sitikuyamwitsa, sitikubereka. Tina ndi ta amayi achikulire, tina ndi towonda. Ka ku Hohle Fels ku Germany, kopezeka mu 2008, kosemedwa pamnyanga wa njovu zaubweya za mammoth zaka zosachepera 35,000 zapitazo, kali ndi kamphete m'malo mwa mutu, ndipo kamphetekonso n'kosalala ngati kamene munkadutsa chingwe. Munthu wina ankakavala. Ka ku Dolní Věstonice ku Czech Republic n'kadongo kootcha, kanapezeka mu 1925 kali m'phulusa, katathyoka pawiri. Mu 2004 anaonapo chidindo cha chala cha mwana wa zaka za pakati pa 7 ndi 15, amene anakagwira dongo lisanaume. Pamene ankakaumba panali ana.

Akatswiri ena anabwera ndi maso ena. LeRoy McDermott mu 1996 anati mayi woyembekezera akamadziyang'ana yekha kuchokera pamwamba amaona mabere ndi mimba zazikulu, miyendo yofupika, nkhope osaiona konse, choncho osemawo mwina anali amayi eniake. Olga Soffer ndi anzake anasiya kuyang'ana mabere n'kuyang'ana zipewa, malamba ndi timikanjo tosemedwa pathupi, n'kuonetsa kuti osemawo ankadziwa bwino kuluka ulusi wa zomera.

Ife tikuti mawu oti "zolaula" ndi ofooka kwambiri pa onsewa, chifukwa akutenga manyazi athu a lero n'kuwaveka anthu ena. Chimene chili choona n'chakuti kunkazizira koopsa ndipo anthuwo ankavala zikopa, ndiye kusema munthu wosavala kunali kuchita kusankha. Thupi la mkazi linali nkhani yaikulu kwa iwo. Koma kalikonse kafunsidwe pakokha: kanapezeka pati, pafupi ndi chiyani, kanatha mbali iti.

Anzanga ena amati kale dziko linkalamulidwa ndi amayi, Mulungu ankamutenga ngati wamkazi, amuna anachita kulanda. Kodi ofukula zakale anapezadi umboni? Mphunzitsi, Kasungu

Aphunzitsi, ganizo limeneli ndi lalikulu msinkhu kuposa umboni wake. Johann Jakob Bachofen wa ku Switzerland analilemba mu 1861 potengera nthano za Agiriki, osati zofukula. Linadzapeza mphamvu patatha zaka 100, James Mellaart atayamba kufukula mudzi wa Çatalhöyük ku Turkey mu 1961. Pamudzipo anthu anakhalapo kuyambira cha m'ma 7100 mpaka cha m'ma 6000 Khristu asanabadwe. Nyumba zinali zogundizana popanda njira pakati, polowera panali padenga, ndipo maliro ankawaika pansi pa nyumba momwe amoyo ankagona. M'nkhokwe ina Mellaart anapezamo choumba cha mayi wonenepa atakhala pampando, nyama ziwiri zonga akambuku zili uku ndi uku. Anati ameneyu ndi Mayi Wamkulu wopembedzedwa, ndipo nyumba zambiri zokongoletsedwa anazitcha akachisi. Dziwaninso kuti mutu umene mumauona pazithunzi za choumbacho si weniweni, anachita kuumbirapo okonza a masiku ano.

Marija Gimbutas, katswiri wochokera ku Lithuania amene ankaphunzitsa ku Los Angeles, anakulitsa nkhaniyi. Anati alimi oyambirira a ku Ulaya ankakhala mwamtendere pansi pa mulungu wamkazi, mpaka abusa okwera pamahatchi ochokera kuzidikha za kumpoto kwa Black Sea anabwera ndi milungu yachimuna ndi nkhondo. Mabuku ake anakondedwa kwambiri m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 pamene amayi a ku Ulaya ndi ku America ankamenyera ufulu wawo, ndipo ena mpaka lero amapita ku Çatalhöyük ngati kumalo opatulika.

Kenako Ian Hodder anatsegulanso malowo mu 1993, n'kufukula zaka pafupifupi 25, ulendo uno akusefa dothi lonse ndi kulemba pamene kanthu kalikonse kagona. Mwa tizoumba pafupifupi 2,000, ta akazi sitinafike ndi 5 pa 100 paliponse. Tambiri tinali ta nyama, toumbidwa mofulumira, ndipo tinkapezeka kudzala pamodzi ndi phulusa ndi mafupa a ndiwo. Chinthu chopembedzedwa sichitayidwa kudzala chisawawa chotero. "Akachisi" aja anapezeka ali ndi mafuwa ndi zinyenyeswa za chakudya, kusonyeza kuti zinali nyumba zogonamo anthu, ndipo mwambo ndi kuphika zinkachitikira m'chipinda chimodzi. Choumba china kutsogolo ndi mayi wonenepa, kumbuyo ndi nthiti ndi mafupa a msana. Pamenepo nkhani ndi ya imfa ndi makolo, osati kubereka kokha. Mafupa a anthu nawo anayankhula: amuna ndi akazi ankadya zofanana, ndipo mwaye wa utsi wa m'nyumba unapezeka m'nthiti za onse mofanana.

Za mtendere zija nazo zinagwa. Ku Talheim ku Germany anapeza dzenje la anthu 34, ana ndi akulu omwe, ambiri otemedwa m'mutu ndi nkhwangwa zamwala cha m'ma 5000 Khristu asanabadwe, abusa aja asanabwere n'komwe. Komabe Gimbutas sanaphonye zonse. Kuyeza DNA mu 2015 kunatsimikiza kuti anthu ochuluka anachokeradi kuzidikha zija n'kulowa mu Ulaya zaka pafupifupi 5,000 zapitazo. Ndipo mu 2025 DNA ya anthu 131 a ku Çatalhöyük inaonetsa kuti oikidwa m'nyumba imodzi ankalumikizana kwambiri kudzera kuchikazi, komanso ana aakazi ankaikidwa ndi zinthu zambiri kuposa aamuna.

Apa inu a ku Kasungu muli pabwino kuposa wowerenga wa ku London. Mukudziwa kuti kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi, mwamuna amapita kuchikamwini, koma mwinimbumba ndi malume, ndipo unkhoswe amayendetsa ndi amuna ndi akazi omwe. Mukudziwanso za Makewana wa ku Msinja, mayi woyang'anira kachisi wa mvula, amene sanali Chauta mwiniwake. Mtundu kutsata mayi, mayi kutsogolera nsembe, mayi kulamulira dziko, ndi Mulungu kukhala wamkazi, ndi zinthu zinayi zosiyana. Çatalhöyük ikuonetsa choyambacho. Zinazo anazilumikiza ndi olemba mabuku.

Amadziwa bwanji kuti mafupa awa ndi a mwamuna kapena a mkazi? Sanganame? Namwino, Mzuzu

Angalakwitse ndithu, ndipo alakwitsapo kwambiri. Njira zilipo zitatu.

Yoyamba ndi kuyang'ana mafupa a m'chiuno. Kumbuyo kwa fupa la chiuno kuli kampata. Mukalowetsamo chala chachikulu n'kumatha kuchigwedeza, kawirikawiri ndi mkazi; chikathina ndi mwamuna. Kutsogolo, pansi pa pamene mafupa awiri a chinena amakumana, mpata wa mkazi umatambasuka ngati wa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, pamene wa mwamuna ndi wopanikizika ngati wa pakati pa chamkombaphala ndi chapakati. Chiuno chikakhala chathunthu, katswiri amalondola anthu oposa 9 mwa 10. Vuto n'lakuti fupa la chinena n'lopyapyala, ndipo mtembo ukagona chagada limayang'ana kumwamba, choncho ndi limene limayamba kuphwanyika ndi kulemera kwa dothi. Zikatero amadalira chigaza: mphumi ya pamwamba pa maso, kafupa kotumphuka kuseri kwa khutu, ndi chibwano. Chigaza chimanamiza, chifukwa cha mayi wachikulire chimakhuthala, cha mnyamata chimaoneka chosalala. Kwa ana osatha msinkhu mafupa sanena kanthu.

Yachiwiri ndi dzino. M'chikuto choyera cha dzino muli puloteni yotchedwa amelogenin, ya mitundu iwiri, wina wochokera ku X, chibadwa chimene amuna ndi akazi onse ali nacho, wina ku Y, chimene ali nacho amuna okha. Amadontheza asidi pang'ono padzinolo n'kuyeza zosungunukazo. Wa Y ukapezeka, ndi mwamuna. Ukapanda kupezeka amati mkazi, koma ayenera kutsimikiza kaye kuti puloteniyo inasungika yokwanira, poti kusowa kwake kungakhale kuwonongeka chabe.

Yachitatu ndi DNA, imene amaitenga kwambiri m'kafupa kolimba ka mkati mwa khutu. Kutentha ndi chinyezi zimaiwononga msanga, n'chifukwa chake kuno kwathu ndi yovuta kuipeza, ndipo thukuta la wofukula likhoza kuiphimba ndi yake.

Kulakwitsa kwakukulu sikunachokere m'mafupa koma m'mitu ya ofukula: mikanda ndiye kuti mkazi, mkondo ndiye kuti mwamuna. Mu 1823 William Buckland anapeza mafupa opakidwa dothi lofiira, ali ndi zokongoletsa za mnyanga ndi zigoba, m'phanga la Paviland ku Wales. Anati ndi mkazi woyendayenda wa nthawi ya Aroma. Lero tikudziwa kuti anali mnyamata wa zaka pafupifupi 33,000 zapitazo. Ku Valencina pafupi ndi Seville ku Spain, manda olemera kwambiri a zaka pafupifupi 5,000, okhala ndi mnyanga wa njovu ndi chigoba cha dzira la nthiwatiwa, ankati ndi a mfumu yachimuna kuchokera mu 2008, mpaka dzino linaulula mu 2023 kuti anali mkazi. Ku Peru, mlenje woikidwa ndi zida zake zaka 9,000 zapitazo anapezekanso kuti anali mtsikana.

Mayi namwino, kumbukirani malire a njira zonsezi. Zimanena za thupi, sizinena amene munthu ankamukonda. Ku Dolní Věstonice mu 1986 anafukula achinyamata atatu oikidwa pamodzi, wakumbali atatambasulira manja ake pachinena cha wapakati, pamene panali pothiridwa dothi lofiira. Kwa zaka zambiri ankasimba nkhani za mkazi wofa pobereka kapena wogwidwa chigololo. Mu 2016 DNA inaonetsa kuti onse atatu anali amuna, ndipo pomwepo ena anathamangira kusimba nkhani ina ya chikondi. Koma mtembo sudzigoneka wokha. Manja aja anawaika ndi oika maliro, ndipo chimene tikuona ndi uthenga wa amoyo. Chimene DNA imachidziwa bwino ndi amene anabereka ndi yani: ku Sungir ku Russia, anthu oikidwa pamalo amodzi zaka pafupifupi 34,000 zapitazo sanali pachibale chapafupi, kusonyeza kuti ankakwatira kunja kwa banja.

Bwanji zonse ndi za akazi? Za abambo sanaseme? Wowerenga, Johannesburg

Anasema, koma kwa nthawi yaitali sizinkalowa m'mabuku a sukulu. M'phanga lomwe lija la Hohle Fels analumikiza zidutswa 14 n'kutuluka mwala wosalala wa masentimita 20, wa zaka pafupifupi 28,000, wokhala ndi mizere yozungulira kunsonga moti aliyense amazindikira kuti ndi chida cha abambo. Nyuzipepala mu 2005 zinasangalala nawo kwambiri, koma zambiri zinasiya mfundo yakuti mwalawo uli ndi zipsera zosonyeza kuti ankasulira miyala yakuthwa. Chizindikiro ndi chipangizo cha ntchito zinali m'chinthu chimodzi.

Kum'mwera chakum'mawa kwa Turkey, ku Göbekli Tepe kumene Klaus Schmidt anayamba kufukula mu 1995, zipilala zamwala zofika mamita 5 za zaka zoposa 11,000 zadzaza nkhandwe, nguluwe, njoka ndi zinkhanira, ndipo nyama zambiri zodziwika mtundu ndi zamphongo. Ku Karahan Tepe kuli chipinda chogobedwa m'thanthwe chokhala ndi zipilala 11, zambiri zonga chida cha abambo, mutu wa munthu ukuziyang'ana kuchokera pakhoma. Ku Sayburç mwamuna wasemedwa atagwira maliseche ake, akambuku awiri ali uku ndi uku. Izi zili m'dziko lomwelo la "Mayi Wamkulu", ndipo ndi zakale kuposa iye.

Chosema chakale kwambiri choonetsa anthu awiri akugonana ndi cha ku Ain Sakhri pafupi ndi Bethlehem, cha zaka pafupifupi 11,000, chotalika masentimita 10, chimene chili ku British Museum. Awiriwo akumbatirana, alibe nkhope, ndipo palibe chosonyeza kuti mwamuna ndi uti. René Neuville anachizindikira mu 1933 chitatoledwa kale ndi abusa a m'deralo, choncho malo enieni amene chinagona anatayika, ndipo nawo panapita umboni wa ntchito yake.

Chenjerani ndi amene amaona chida cha abambo pa chilichonse choimirira. Theodore Bent atafika ku Great Zimbabwe mu 1891 anati nsanja yamwala ya kumeneko ndi chizindikiro cha chipembedzo chotero cha alendo ochokera kutali, chifukwa sankafuna kuvomera kuti anamanga ndi Aafirika. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anafukula mwadongosolo n'kutsimikiza kuti omanga anali eni dziko. Akatswiri ambiri lero amaona kuti nsanjayo ikufanana ndi nkhokwe.

Kodi manda okha ndi umboni woti anthu ankakhulupirira za moyo wina? Mkulu wa mpingo, Ntcheu

Bambo, manda okha sakwanira, poti munthu angakwirire mtembo pothawa fungo ndi afisi. Ofukula amafuna zinthu zingapo zigwirizane: dzenje lokumbidwa dala, kagonekedwe kobwerezabwereza pa maliro ambiri, zinthu zimene zinadya nthawi koma n'kukwiriridwa, ndi anthu kumabwereranso pamalopo. Ku Sungir kuja ana awiri anaikidwa mitu itagundana, atavekedwa mikanda ya mnyanga pafupifupi 10,000. Ntchito ya miyezi yambiri inalowa m'dothi chifukwa cha ana awiri chabe. Pamenepo tinganene molimba mtima kuti panali mwambo ndi chikhulupiriro, ngakhale dzina la amene ankamupempha silinalembedwe pamkanda.

Chitsanzo cha kufulumira ndi cha phanga la Shanidar ku Iraq. Mu 1960 Ralph Solecki anafukula mafupa a munthu wa mtundu wa Neanderthal, anthu akalekale amene anatha padziko, ndipo m'dothi lozungulira munapezeka timibulu ta mungu wa maluwa. Nkhani inafala dziko lonse kuti anthuwo ankaika nkhata pamanda. Patsogolo pake ena anaonetsa kuti mbewa za kumeneko zimatutira maluwa kuuna, ndipo mu 2023 ena anapeza kuti njuchi zokumba pansi zikanathanso kubweretsa munguwo. Kuti a Neanderthal ankasamala akufa awo n'zovomerezeka ndi ambiri, koma maluwa aja sangaime paokha ngati umboni.

Kwathu konkuno kuli umboni wolemera. Patsinde pa phiri la Hora ku Mzimba, gulu la Jessica Thompson wa ku yunivesite ya Yale ku America pamodzi ndi a Dipatimenti ya Museums and Monuments linapeza makanda oikidwa zaka pafupifupi 16,000 ndi 14,000 zapitazo, komanso phulusa la moto waukulu umene anatenthera mtembo wa mayi zaka pafupifupi 9,500 zapitazo. Kutola nkhuni zokwanira kupsereza thupi la munthu si ntchito ya mmodzi. Anthu anasonkhana, ndipo phirilo ankalibwerera kwa mibadwo yosawerengeka.

Ndinapita ku Chongoni n'kuona zojambula pamiyala. Wotiperekeza anati zina ndi za chinamwali. Akudziwa bwanji, poti ojambulawo anamwalira kale? Mayi wa ku Dedza

Mayi, funso lanu likutifikitsa pa chuma chimene a ku Ulaya alibe. Dera la Chongoni lili ndi malo 127 a zojambula, ndipo UNESCO inaliika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Zofiira, zokhala ndi mizere, mabwalo ndi timadontho, n'zakale ndipo ndi za Akafula, alenje amene alimi anawapeza. Zoyera anazijambula ndi chala choviika m'dongo loyera Achewa, ndipo zina anajambula mpaka m'zaka za m'ma 1900.

Zoyerazo zili pawiri. Zina ndi zilombo za Nyau, monga za ku Namzeze, zimene aliyense wodziwa Gule Wamkulu amazizindikira. Zina n'zotambalala miyendo inayi ndi mchira, ngati chikopa choyanika kapena buluzi womuonera pamwamba, nthawi zambiri zothiridwa timadontho. Za ku Mwana wa Chentcherere, kumene J. Desmond Clark anafukula mu 1972, n'zotere. Mlendo wongofika akanati ndi nyama zosaka kapena milungu. Benjamin Smith, ndipo pambuyo pake Leslie Zubieta, anatsata njira ina. Anayerekeza zojambulazo ndi zoumba zimene anamkungwi amaphunzitsira anamwali kuno ndi kum'mawa kwa Zambia, ndi chingondo chimene namwali amavala kumutu, n'kukhala pansi ndi amayi achikulire kumva zimene anali omasuka kunena. Anayang'ananso malo: mapanga obisika, kutali ndi maso a amuna. Zonsezi zinaloza kumodzi, kuti zojambulazo zinali zokumbutsira mwambo pophunzitsa atsikana za thupi lawo, za banja, za kubereka ndi za ulemu. Tanthauzo la chojambula chilichonse ndi la kutsimba, ndipo ife sitiliika m'magazini.

Taonani tsono zimene Chongoni ikuphunzitsa. Chojambula chokhudza nkhani za m'banja sichioneka ngati maliseche n'komwe, chimaoneka ngati buluzi. Ndiye kuti kumapanga a ku France nako, zimene zikuoneka ngati nyama zikhoza kukhala zikunena za ukwati, ndipo zimene zikuoneka ngati maliseche zikhoza kukhala zikunena za mvula kapena makolo. Chinanso, pachinamwali palibe mzere wolekanitsa "zakugonana" ndi "zachipembedzo". Mdulo, kudika, mizimu ya makolo ndi malangizo a m'nyumba zili mumtolo umodzi. Kuzigawa pawiri ndi kaganizidwe ka ofufuza, osati ka eni mwambo.

Amene sanafunse eni dera anasochera. Kuphiri la Brandberg ku Namibia kuli chojambula chimene Reinhard Maack anachiona mu 1918. Wansembe Henri Breuil, katswiri wotchuka wa mapanga a ku Ulaya, anati ndi mkazi wachizungu wochokera kunyanja ya Mediterranean, ndipo dzina loti White Lady lilipo mpaka lero. Harald Pager atachikopera mosamala mzere ndi mzere, zinaoneka kuti ndi mwamuna, maliseche ake ali poyera, thupi lopakidwa zoyera monga amachitira pamwambo, wojambulidwa ndi eni dera.

Njira yofunsa amoyo ilinso ndi malire ake. Imagwira bwino pa zoyera za Achewa chifukwa ulusi sunaduke. Pa zofiira za Akafula umboni ndi wapatali, wochokera ku miyambo ya alenje a m'nkhalango za pakati pa Africa, ndipo kutenga nzeru za anamkungwi a ku Dedza kukamasulira kachiboliboli ka ku Austria kungakhale kulumpha mtsinje waukulu kwambiri. Mukapitanso ku Chongoni musathire madzi pazojambula kuti ziwale pachithunzi, chifukwa madzi amasungunula dongo ndi kutulutsa mchere m'thanthwe. Musazigwire, musasonkhe moto m'phangamo, ndipo ana asalembepo mayina ndi makala.

Pokumba dzenje la chimbudzi ndapeza mapale, mikanda, kachoumba konga munthu ndi mafupa. Nditani? Mlimi, Mchinji

Lekani kukumba pomwepo, achimwene. Mwala ndi dongo siziyezeka zaka ndi njira ya kaboni. Amayeza makala, fupa kapena mbewu zopserera zimene zagona mumyalo umodzi wa dothi ndi chinthucho. M'zinthu zimenezi muli kaboni wa mtundu wina amene amatha theka pa zaka 5,730 zilizonse, ndipo njirayi imafika zaka pafupifupi 50,000. Mukazula kachoumbako n'kukaika pawindo, mwakalekanitsa ndi zonse zimene zikanakachitira umboni, monga zinachitikira ku Ain Sakhri.

Jambulani zithunzi zinthuzo zili pomwepo, mutaika rula kapena bokosi la machesi pambali kuti kukula kuoneke, chithunzi china chapafupi, china choonetsa dzenje lonse. Yezani kuya kuchokera pamwamba. Ngati pali chulu, una kapena mizu yaikulu pafupi, lembani, chifukwa chiswe ndi mbewa zimakweza ndi kutsitsa tinthu m'dothi, n'kusakaniza zakale ndi zatsopano. Musatsuke mapale, poti mkati mwake mumatsalira mafuta ndi zopserera zouza chimene chinaphikidwamo. Musamate zosweka ndi guluu. Mafupa ndi mano musawagwire ndi manja. Zimene mwatulutsa kale ziikeni m'mapepala osiyanasiyana pamthunzi, osati m'jumbo yomanga ngati zili zonyowa, chifukwa zimachita nkhungu. Vundikirani dzenjelo ndi lata kapena matabwa kuti mvula ndi agalu zisalowe.

Ngati mafupawo akuoneka a munthu, dziwitsani amfumu ndi apolisi choyamba, kenako a Dipatimenti ya Museums and Monuments, mwina kudzera ku ofesi ya DC. Malamulo a dziko lino amateteza zinthu zakale zotere, ndipo kuzigulitsa kapena kuzitulutsa kunja popanda chilolezo ndi mlandu. Chimbudzicho kumbani pena, kutali ndi pamenepo mamita angapo, ndipo dothi limene munafukula kale lisiyeni pamulu wake kuti akatswiri akabwera adzalisefe.